Tikonze Njira ya M'nkhalango Mvula Isanagwe

A Gulupu, mafumu nonse, a komiti yoona zachilengedwe, amayi ndi abambo. Sindichulutsa gaga m'diwa, poti dzuwa lakwera ndipo ena mwasiya madimba osathirira.

Ndabwera ndi nkhani imodzi basi: ngalande zopingasa njira yolowera m'nkhalango ya Dzalanyama. Chigawo chomwe atipatsa ku ofesi ya zankhalango ndi makilomita 3, kuyambira pamalire a mudzi mpaka pamtsinje, ndipo akufuna ntchitoyi ithe Novembala asanafike. Chifukwa chake ndi kagalimoto mukukaona pansi pa mango apo. Ana akuti ndi njinga yamoto ya matayala anayi, ndipo sakunama. Opanga ake amati ATV. Ndi kamene tiziyendera nyengo ya moto.

Matayala ake onse anayi amakoka, 4x4, monga Land Cruiser. Kusiyana kwake n'koti aka n'kopapatiza, m'lifupi mwake mita imodzi ndi pang'ono, ndiye kamalowa pomwe Land Cruiser imabwerera. Matayalawo ndi otambalala ndipo timawapopa mpweya wochepa, choncho pamchenga kapena m'dambo satitimira msanga. Pachitunda ukaika low, kamakwera pang'onopang'ono katasenza zigubu za madzi, zikwanje ndi zozimitsira moto. Tayala limodzi likayamba kuzungulira pachabe m'matope, umangotseka difu, akutsogolo onse n'kumakoka pamodzi. Za difu sindifotokoza, anyamata akabaza mwadzaza pano.

Koma musapusitsike ndi maonekedwe. Kuchokera pansi kufika pamimba pake sipapitirira masentimita 30. Chitsa cha mombo chomwe munthu anadula cholekeza m'maondo, chikabisala m'udzu, chimakang'amba kunsi. Pakatondo wonyowa matayala anayi amakuthandiza kupita, sakuthandiza kuima. Potsetsereka umangoona mtengo ukubwera. Choopsa kwambiri ndi chigwembe chotsata njira. Matayala a mbali imodzi akagweramo, kagalimotoka kamapendekeka, ndipo poti n'kakafupi komanso katundu ali pamwamba, kamagubuduka n'kupsinja woyendetsa. Kagalimoto komweka kamakumbanso njira. Kakadutsa kangapo pamatope kamasiya mikwasa iwiri, madzi n'kupeza poyenda, chaka chamawa pali chigwembe china.

Tsono ndifunse, kuno madzi a mvula mumawachotsa bwanji m'njira? Mayi, mwati mumaponyamo nthambi n'kukwirira ndi dothi? Ena? Chimodzimodzi. Chabwino, ndamva. Zimenezo tisiye kuyambira lero.

Ngalande yathu ikhale yopingasa koma mopendekera kumunsi, osati yodula njira mowongoka. Kuya kwake mutu wa khasu ndi wokwanira, kuti tayala lidutse osagunda. Dothi lomwe mwakumba muunjike mbali yakumunsi, mulipondereze ndithu. Potulukira madzi muike miyala kapena mubzale vetiva, madziwo akamwazikire m'udzu. Potsetsereka kwambiri, ngalande ina pakatha masitepe 25. Pomwe patsika pang'ono, masitepe 40 kapena 50. Nzeru yake ndi yomweyo ya akalozera m'munda, yodula madzi mphamvu asanathamange.

Ndikuchenjezeni. Kuseri kwa phiriku kuli mudzi womwe unakwirira zigwembe ndi nthambi monga mwanenamu. Mvula yoyamba inakokolola zonse usiku umodzi. Kwina anakumba ngalande zowongoka, madzi anaima pakati pa njira, pakhala thope mpaka Meyi. Ndipo moto utabuka mu Seputembala, galimoto yonyamula ozimitsa inaima pachigwembe, anthu n'kumathamanga wapansi ndi nthambi zaziwisi, mbande za zaka ziwiri zikupsa iwo akuona. Dothi lokokolokalo musaganize kuti limathera pano. Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'nkhalango muno, ndipo umakalitula m'madamu a Kamuzu ku Malingunde, komwe mzinda wa Lilongwe umamwa. Boma linateteza Dzalanyama mu 1922 chifukwa cha madzi omwewa, mahekitala pafupifupi 99,000, kukhudza Lilongwe, Dedza ndi Mchinji.

Bambo akumbuyoko, ndakuonani. Yankhulani, koma mmodzimmodzi.

Akuti chiyani? Akuti tikukumbitsa anthu njira kuti tiziwagwira msanga ndi makala. Musawaletse a Gulupu, asiyeni amalize. Akutinso asilikali atabwera mu 2015 analowera njira zomwezi. Zoona bambo, asilikali a Malawi Defence Force anatumizidwa kuno chaka chimenecho, ndipo palibe pano amene waiwala.

Sindikunamizani. Njira ikakonzeka, olondera nkhalango adzafika msanga. Lamulo la zankhalango la 1997 analikonzanso mu 2020, zilango zinakwera, ndipo wootcha kapena kunyamula makala popanda chiphaso akagwidwa, khoti likhoza kulanda ngakhale njinga kapena galimoto yomwe ananyamulira. Limenelo si lamulo langa, ndipo kaya mukumbe kaya musakumbe, lilipo ndithu. Koma taonani mbali inayi. Amene akupindula ndi njira yoipa ndi ndani? Njinga yakapalasa yosenza matumba atatu imadutsa paliponse, mwini wake akukankha. Chomwe chimakanika ndi galimoto yobwera kudzazimitsa moto, kapena kudzatenga munthu amene mtengo wamugwera.

Mwati tidya chiyani? Funso limenelo ndi lalikulu kuposa ngalande, ndipo sindilizemba. Lamulo lomwelo limalola mudzi kupangana ndi boma zosamalira limodzi chigawo cha nkhalango. Pamgwirizano wotero anthu amatola nkhuni zouma, bowa, masuku, amapachika ming'oma ya njuchi, mwadongosolo ndi chilolezo. Uchi wa m'mitengo ya mombo ndi tsamba ndi wabwino, ndipo mtengo ukatsala chilili njuchi zimabweranso chaka chamawa. Inde, ndamva, uchi suchedwa kutha koma ana amadya tsiku lililonse. Ndalama ya makala imabwera sabata yomweyo, ya uchi imadikira nyengo. Apo sinditsutsa.

Ayi bambo, za malipiro a okumba sindinauzidwe, ndipo sindilonjeza chomwe sichili m'manja mwanga. Makasu ndi mapiki okha ndiwo ndabwera nawo.

Tichite chonchi a Gulupu. Alembi alembe maina a onse ofuna ming'oma, ayambire bambo omwewa ngati avomera. Ine ndikapereka nkhani ya mgwirizanoyi kwa akuluakulu anga, ndipo ndiwapempha abwere okha adzayankhe za ziphaso pamaso panu. Za makilomita aja tigawana Lachiwiri m'mawa, tikumane pamalire ndi makasu, ndidzakumbe ngalande yoyamba inu mukuona.