TSIKU LIMODZI M'MBALI MWA NYANJA PA CHILUMBA CHA MAURITIUS

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi, pa nthawi ya alimi.

Masiku onse ndikabwera pano ndimakamba za mbeu, za manyowa ndi za mizere. Lero ndifuna kukusimbirani za ulendo umene ndinayenda. Koma musatseke wailesi ai, pakuti ulendo umenewu ukathera m'munda mwanu momwemo.

M'mwezi wa July ndinatumidwa pamodzi ndi alangizi ena ku Mauritius kukaphunzira ulimi wa nzimbe. Mauritius ndi chilumba cha pakati pa nyanja yamchere ya India, kum'mawa kwa Madagascar. M'litali mwake muli makilomita 65, m'mimba mwake 45. Boma la Mulanje lokha lichiposa kukula, koma anthu okhala pamenepo ali pafupifupi 1,200,000. Tsono mudziwe kuti kumeneko munthu munda ukamuthera mphamvu alibe kosamukira, pakuti mbali zonse ndi madzi okhaokha.

Tsiku Lamulungu linali lopuma. Anzathu ambiri anakwera basi ya alendo kukaona malo. Ine ndi mnzanga mmodzi tinasonkha ndalama ndi kulemba ganyu bambo wina wa komweko, wokhala ndi galimoto yakeyake, amene nchito yake ndiyo kuperekeza alendo. Mtengo wake unaposa wa basi, ndipo anzathu anatiseka nati tataya ndalama. Koma basi imaima pamene afuna woyendetsa, ndipo ife tinafuna kuima pamene tifuna ife, ndi kufunsa mpaka timve. Paja amati safunsa anadya phula. Mtengo ndi malo okafikako tinapanganiratu madzulo ake, kuti pasadzakhale mkangano pobwera. Bamboyo anali wa zaka ngati makumi asanu, mwana wa mlimi wa nzimbe wa munda waung'ono, chifukwa chake tinamvana msanga.

Tinanyamuka m'mamawa ku Curepipe, mzinda wa pamtunda wozizira, kulowera kum'mwera. Tisanafike n'kunyanja komwe ndinampempha aime. M'minda ya nzimbe ndinaona milu ya miyala yakuda, ina yaikulu ngati nyumba, ina yondanda m'mizere. Iye anati chilumba chonsecho chinabadwa ndi mapiri olavula moto kalekale, kotero nthaka yake inali yodzala miyala. Akapolo, ndipo pambuyo pao anchito ochokera ku India, ndiwo anatola miyala imeneyo ndi manja kuti papezeke pobzala. Masiku ano amaichotsa ndi makina. M'munda umene tinaimamo, masangwi a nzimbe zodula anawasiya pansi kuti aphimbe nthaka, ndipo m'malire munali udzu wa vetiva, womwewu timakuuzani kuno kuti mubzale.

Malo oyamba a kunyanja anali Gris Gris, pafupi ndi mudzi wa Souillac, kumapeto kwenikweni kwa chilumba kum'mwera. Pano mverani bwino. Pafupifupi kuzungulira chilumba chonse, patali pang'ono ndi gombe, pali khoma la miyala ya pansi pa madzi yotchedwa korali, imene imamangidwa ndi tizilombo tating'onoting'ono ta m'nyanja. Mafunde akulu amasweka pa khoma limenelo, ndipo madzi ofika kumchenga amakhala odekha, oti ndi mwana yemwe asambamo. Koma pa Gris Gris khomalo palibe. Mafunde amabwera ndi mphamvu yao yonse ndi kumenya matanthwe mosalekeza, ndipo phokoso lake limveka munthu asanatsike m'galimoto. Kusamba pamenepo n'koopsa, ndipo pali zikwangwani zochenjeza.

Ine pofuna kuonetsetsa ndinasendera kumphepete, nsapato zanga ziri zoterera. Funde lina linamenya pansi, madzi ake anandithira thupi lonse, ndipo bambo uja anandigwira mkono nandikokera kumbuyo. Anandidzudzula monga adzudzulira mwana, ndipo ndinangoti pepani bambo, pakuti kulakwa kunali kwanga. Ndikadakhala ndekha, kaya mukadandimva lero.

Nditakhala pansi kuumitsa malaya ndinaganiza za minda yathu. Nyanja ndi imodzi, mphepo ndi imodzi, koma pamene pali chotchinga gombe liri pa mtendere, ndipo pamene palibe thanthwe lomwe limadyeka. Mvula nayo itero. Ikagwa pa munda wa mizere yotsata akalozera, madzi amaima ndi kulowa pansi. Ikagwa pa munda wa mizere yoloza kutsetse, madzi amathamanga, natenga dothi la pamwamba limene muli chakudya cha mbeu.

Kuchoka apo tinatsata mseu wa m'mbali mwa nyanja kulowera kumadzulo mpaka pa Macondé, pafupi ndi mudzi wa Baie du Cap. Pamenepo thanthwe lalowa m'nyanja, mseu ulizungulira ndi kukhota kwakukulu, ndipo pali makwerero okwerera pamwamba. Bambo uja anati anthu amasimba kuti dzinalo linachokera kwa Amakonde a ku Mozambique, akapolo othawa amene anabisala chakumeneko. Tiri pamwamba tinaona madzi a mitundu iwiri, oyera mbee mkati mwa khoma lija, ndi akuda bii kunja kwake. Iye analoza pamathiriro a mtsinje, nati mvula yaikulu ikagwa kumapiri madzi a pamenepo amasanduka ofiira ndi matope a m'minda. Matopewo akakhazikika amaphimba korali, ndipo korali ikasowa kuwala kwa dzuwa imafa. Ikafa, nsomba zimachepa, ndipo mafunde amayamba kudya gombe. Chomwecho mlimi wa kuphiri amene sasamala munda wake amasaukitsa msodzi amene sanamuonepo nkhope. Inu a m'mbali mwa Shire mudziwa zimenezi, pakuti matope a m'minda yathu ndiwo amadzaza dziwe la ku Nkula ndi kuvutitsa makina opanga magetsi.

Dzuwa liri pamutu tinafika patsinde pa phiri la Le Morne, thanthwe lalikulu la mamita 556 loima pa kansonga ka dziko kumadzulo chakum'mwera. Kale pa chilumbachi panalibe anthu. Adatchi anayamba kukhalapo mu 1638 nachoka mu 1710, Afalansa anachitenga mu 1715, ndipo Angelezi anawalanda mu 1810. Olima minda anali akapolo ogwidwa ku Madagascar ndi ku Africa kuno, ndipo m'mabuku a masiku amenewo mupezeka maina a mitundu ngati Amakua, Ayao ndi Amaravi. Akapolo othawa ankabisala m'mapanga a phiri limeneli chifukwa ndi lovuta kukwera. Ukapolo unathetsedwa pa 1 February 1835. Anthu amasimba kuti pamene asilikali anakwera kukawauza kuti amasulidwa, ena anayesa kuti adza kudzawagwira, nadziponya kuphompho. Mu 2008 bungwe la UNESCO linalemba phirili m'gulu la malo osungidwa a dziko lonse lapansi, ndipo patsinde pake pali malo a chikumbutso. Ine ndi mnzanga tinavula zipewa. Ndani adziwa, kapena ena mwa iwo anachokera m'midzi ya makolo athu.

Tinadyera pomwepo, pansi pa mitengo imene anaibzala m'mchenga kuti itchinge mphepo. Chakudya chinali mpunga ndi nsomba. Ndinafunsa kumene amalima mpungawo, ndipo bamboyo anaseka nati umabwera pa sitima, ndi tirigu yemwe. Nthaka yabwino yambiri inapatsidwa ku nzimbe kuyambira kale, kotero chakudya chochuluka amagula kunja. Pamene maiko a ku Ulaya anatsitsa mtengo wogulira shuga ndi magawo 36 pa 100 alionse, pakati pa 2006 ndi 2009, alimi ang'onoang'ono ambiri anasiya minda yao kumera thengo. Cha m'ma 1850 mafakitale a shuga anali oposa 250. M'kupita kwa zaka ang'onoang'ono anatsekedwa ndi kuphatikizidwa ku akulu, ndipo pofika 2020 anatsala atatu. Chimene chinathandiza dzikolo ndi chakuti kuyambira cha m'ma 1970 linayamba nchito zina, monga kusoka zovala ndi kulandira alendo. Inu alimi a fodya mumve apa. Mtengo wa mbeu yogulitsa kunja amaukonza ndi anthu a kutali amene sadziwa dzina lanu. Limani fodya, koma musaiwale mtedza, nandolo, soya, chinangwa ndi mbatata.

Madzulo tinakwera mseu wokhotakhota wopita ku Chamarel. Pakati pa chitunda tinaima ndi kuyang'ana m'mbuyo, ndipo zonse zinaonekera pamodzi, phiri la Le Morne, minda, midzi ya asodzi, ndi mzere woyera wa mafunde osweka pa khoma lija. Titapitirira tinafika pa malo oonerapo zigwa za Black River Gorges, nkhalango ya mahekitala oposa 6,000 imene Boma lao linaipatula mu 1994. Ine ndinati, nanga mitengo si iyi yambirimbiri? Bamboyo anapukusa mutu. Anati kale chilumba chonse chinali nkhalango kufikira kumchenga. Adatchi anayamba kudula mitengo ya matabwa akuda, yofanana ndi phingo wathu, ndipo otsatira anagwetsa yotsala kuti abzale nzimbe. Lero nkhalango yeniyeni ya makolo yotsala bwino sikwana magawo awiri pa 100 alionse a dziko. Zobiriwira zambiri zimene ndinaziona zinali gwafa wina wa zipatso zazing'ono zofiira, wochokera kunja, amene anafalikira ndi kutsamwitsa mitengo ya komweko, monga achitira namasupuni m'madzi a Shire. Anthu amalembedwa nchito yomdula ndi kumzula kuti mitengo ya kale iphukenso.

M'nkhalango yomweyo ya kale munali mbalame yaikulu yosauluka yotchedwa dodo, imene sinapezeke kwina kulikonse. Inkaikira mazira pansi. Amalinyero anaipha, ndipo nkhumba, makoswe ndi anyani obwera ndi zombo anadya mazira ake. Pambuyo pa 1662 palibenso umboni wokhulupirika wakuti wina anaiona. Lero chithunzi chake chiri pa chizindikiro cha dziko lao ndi pa nsalu zogulitsa kwa alendo, koma mbalameyo palibe. Madzi akatayika saoleka.

Pobwerera tinakamba za namondwe. Iwo amakumbukabe namondwe Carol wa mu February 1960, amene anagwetsa nyumba zikwizikwi, ndipo kuyambira pamenepo anthu anayamba kumanga nyumba za simenti mpaka denga lomwe. Ndipo anandifunsa za Freddy. Namondwe ameneyu anapita kumpoto kwa Mauritius pa 20 February 2023, ndipo m'mwezi wa March anafika kwathu kuno. Inu a ku Chilobwe, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe simufunika kuuzidwa ndi ine zimene zinachitika pamene matope ndi miyala zinatsika m'mapiri. Anthu mazanamazana anatisiya. Mvula yotere palibe munthu angailetse, ndipo ngakhale phiri la mitengo lingathe kugumuka. Koma phiri lometedwa mpala, lolimidwa ndi kumangidwapo nyumba mpaka pamwamba, silichedwa kumasuka.

Usiku anzathu a pa basi anationetsa zithunzi zambiri zokongola. Titawafunsa chifukwa chake mafunde ndi aukali pa Gris Gris, panalibe wodziwa. Pamenepo kuseka kuja kunatha.

Tsono mafumu, pempho langa ndi ili, ndipo silifuna ndege kapena ndalama. Mvula isanayambe, sankhani tsiku limodzi. Itanani anthu anu, amuna ndi akazi ndi achinyamata, pamodzi ndi Mlangizi wa dera lanu, mukwere chitunda chimene chiri pamwamba pa mudzi wanu. Wotsogolera akhale nkhalamba imene inabadwira pomwepo, iloze pamene panali nkhalango, pamene panali kasupe wosaphwa, ndi pamene mtsinje unkapita kale. Munthu ali m'munda mwake amaona munda wake wokha, koma ali pamwamba amaona njira yonse ya madzi, kumene ayambira ndi munda wa yani umene akaononga.

Mukatsika, panganani zinthu zitatu. Choyamba, minda yonse ya pamatsitso iikidwe akalozera, abzalidwe vetiva, ndipo mizere itsate akalozerawo ndi kutsekedwa ndi ngonyeka. Nchito imeneyi iyambire pa munda wa pamwamba, pakuti wa pansi akakonza yekha madzi a mnzake adzamgumulira. Chachiwiri, pasapezeke wolima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, ndipo zigwembe zitsekedwe ndi miyala ndi nsungwi zikali zazing'ono. Chachitatu, patulani nkhalango ya m'mudzi. Lamulo la za nkhalango la 1997 lipatsa mfumu mphamvu yochita zimenezi mogwirizana ndi a Dipatimenti ya Nkhalango. Zitsa zophukira musazitenthe, pakuti zimakula msanga kuposa mbande. Nyengo yobzala mitengo iyamba pa 15 December kufikira pa 15 April, chifukwa chake nazale zisamalidwe tsopano lino.

Mfumu imene idzayenda ulendo umenewu ndi anthu ake iuze Mlangizi wake zimene yaona ndi zimene apangana, ndipo ife tidzaziwerenga pano kuti midzi ina imve. Sabata ya mawa tidzakamba za kasankhidwe ka mbeu ya chimanga yocha msanga. Tsalani bwino nonse.