Cokometsera Pabwalo Coyenda Cokha: Nchito ya Banja Lonse pa Krisimasi

Madzulo ano mau anga apita makamaka kwa mabanja a ku Tengwe, m'boma la Hurungwe pafupi ndi Karoi, kumene makolo ambiri ocokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique anapita kukagwira nchito m'minda ya fodya, ndipo ana ao ndi adzukulu ao akali komweko.

Inu mudziwa kuti Krisimasi ifika pamene nchito ya fodya yacuruka, ndipo ndalama ziri zocepa, popeza misika ya fodya sinatsegulidwe. Cifukwa cace sindikuuzani kuti mukagule zokometsera za m'sitolo. Ndikuuzani kuti mupange cokometsera canu, cimene cidzayenda cokha pabwalo.

Luso liri kale m'nyumba mwanu. Mnyamata amene apinda waya napanga galimoto yokhala ndi ciongolero angathenso kupanga cidole ca mai wosinja. Iye apange thupi lace la waya, ndi manja omangidwa momasuka pa mapewa kuti akwere ndi kutsika. Mai ndi atsikana asoke zobvala za nsanza zotsala. Mtondo ukhale citini, munsi ukhale kamtengo, ndipo zonse zikhomedwe pa thabwa limodzi.

Gawo la bambo ndilo makina. Funani mota yakale yoyendetsa zopukutira galasi la galimoto. Mota imeneyi ifuna mavoti 12, monga a batire la galimoto kapena la sola, ndipo iri ndi magiya m'kati mwace amene acepetsa liwiro, kotero kuti izungulira pafupifupi kamodzi pa sekondi. Ikhomeni pansi pa thabwa. Pa mota pali kamkono kakafupi kacitsulo. Mangani waya wolimba kucokera kunsonga kwa kamkonoko, kupyola pa boo la m'thabwa, kufikira ku manja a cidole. Kamkono kakakwera, munsi ukwera; kakatsika, munsi ugwa mu mtondo. Munsi ukalephera kufika pansi, cepetsani utali wa waya.

Tsopano mverani cenjezo. Musalumikize mota imeneyi ku magetsi a m'nyumba, pakuti ndi amphamvu kwambiri, ndipo pa dothi lonyowa la dzinja angathe kupha mwana. Mota nayo iri ndi mphamvu yotswanya cala. Cotsani waya ku batire musanagwire kamkono, ndipo bvundikirani makina ndi bokosi. Mvula ikayamba, lowetsani zonse m'nyumba.

Amene mulibe mota musataye mtima. Dulani mapiko anai pa citini cacikuru, muwamange pa waya wopindidwa ngati cogwirira ca pampu, ndipo mphepo idzakusinjirani. Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene ali mnyamata wa zaka 14 anapanga makina a mphepo opatsa magetsi ndi zitsulo zotayidwa ndi ziwalo za njinga.

Makolo, musalande pulayala m'manja mwa mwana pamene acedwa. Msiyeni ayese, ndipo mumfunse cifukwa cace munsi waima. Mwana amene wapeza yekha yankho waphunzira mmene pampu, cigayo ndi makina osokera ziyendera, ndipo nzeru imeneyo idzamthandiza Krisimasi itapita.