ZA PHIRI LA MULANJE NDI AMENE ADZALISUNGA

Mau amene ananena mmodzi wa ziwalo pa msonkhano wa Bungwe lathu. Mlembi wawalemba monga anamveka, kuti mafumu ndi abale amene sanathe kufika awerenge.



Ndaima pamaso panu ine mwana, si chifukwa ndidziwa koposa akulu ai, koma chifukwa mwandilola kunena za Phiri la Mulanje, limene tiliona m'mawa uli wonse potuluka m'nyumba, chinkana ambiri a ife sitinaponde pamwamba pache. Funso langa ndi limodzi. Kale phiri ili linasungidwa ndi mantha. Tsono popeza mantha atha, adzalisunga ndani?

1. ZA MAKOLO ATHU

Amang'anja, Ayao ndi Alomwe okhala patsinde pache anabvomerezana pa chinthu chimodzi, kuti phirili ndi mudzi wa mizimu. Nsonga yache yoposa zonse anaitcha Sapitwa, ndiko kunena kumene munthu sapitako. Mvula ikachedwa, akulu ankamuka ku Dziwe la Nkhalamba, pa mtsinje wa Likhubula, nathira nsembe kumeneko. Agogo anga anandiuza kuti munthu akapeza chakudya chokonzeka m'nkhalango, adye chete, asaitane mnzache, asatengereko kumudzi. Ndi kuti wonyoza mwambo nkhungu imkuta, nasokera, osabweranso.

Ambiri a ife lero tiri a Mpingo kapena a Chisilamu, ndipo sitithira nsembe. Sindinadze kudzakubwezerani kumeneko. Koma tapenyani chimene mwambo uja unachita: munthu anaopa kulowa m'nkhalango ndi nkhwangwa osauza akulu, anaopa kutentha moto ku magwero a madzi, anaopa kuyenda yekha. Mantha aja anali mpanda wa phiri.

2. ZA KUDZA KWA AZUNGU

M'chaka cha 1859 David Livingstone analiona phirili pa ulendo wache wa ku Nyanja ya Chilwa. Mu 1891 Alexander Whyte anakwera kukaona mitengo yache, ndipo mkungudza wathu unalembedwa m'mabuku a Azungu ndi dzina lache. Mu 1893 Boma linamanga linga la Fort Lister pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, pamene pankapita ogula akapolo. Mu 1927 Boma linalamula kuti phiri lonse likhale nkhalango yoletsedwa.

Lamulo limeneli linali ndi ubwino wache, sindikana. Koma kuyambira pamenepo mau a phiri anachoka pabwalo la mfumu nalowa mu ofesi, ndipo mwana wa m'mudzi anayamba kuliyesa la eni ena. Chinthu cha eni ena munthu sachichitira chisoni.

3. CHIMENE ALENDO AFUNA KUMENEKO

Ena a inu mwafunsa kuti, Kodi munthu achokeranji ku London kapena ku Johannesburg kudzasauka ndi chitunda, pamene kulibe malonda kumeneko? Inenso ndinkafunsa chomwecho kufikira ndinakwera ndekha ndi anyamata otsogolera.

Tinanyamuka pa Likhubula m'mamawa, nititsata njira ya Chapaluka yopita pambali pa Dziwe lija. Patapita maora anai tinafika ku chigwa cha Chambe, ndipo ndinazizwa, pakuti ife a pansi tiyesa kuti pamwamba pali thanthwe lokha. Iai, kuli madambo akulu a udzu, mitsinje ya madzi oyera ozizira, ndi nsonga zambiri zoimirira uku ndi uku. Kuli nyumba zogonamo alendo ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Sombani, Madzeka ndi kwina, ndipo nyumba iri yonse iri ndi mlonda wache. Kotero munthu akhoza kuyenda sabata yathunthu, lero kugona uku, mawa uko.

Tinagona ku Chisepo, ndipo m'mawa mwache tinakwera Sapitwa, pokwawa pa matanthwe ndi kupyola m'mipata ya miyala. Kutalika kwache ndi mamita 3,002. Palibe phiri lina m'Malawi lofika pamenepo. Poima pansonga ndinaona mitambo pansi pa mapazi anga, minda ya tiyi yonga mphasa zobiriwira, ndi mapiri a ku Mozambique. Sindinaone mzimu. Koma ndinakhala chete, ndipo ndinamvetsa chifukwa chache makolo analankhula motsitsa mau pa malo amenewo.

Ndipo mau ao sanafe. Nyengo ya chiperoni nkhungu idza mwadzidzidzi, munthu osaona dzanja lache. Mu 2003 mlendo wa ku Netherlands anapita yekha ku Sapitwa, nasowa. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya womtsogolera nakwera yekha, ndipo anampeza atafa. Mau a akulu akoma akagonera.

4. CHIMENE TATAYA

Mu 1984 mkungudza wa Mulanje unachitidwa ulemu wokhala mtengo wa dziko lathu, pakuti sumera wokha kwina kuli konse pa dziko lapansi. Koma mu 2017 owerenga mitengo anapeza yaikuru isanu ndi iwiri yokha yotsala chiriri. Pa njira ndinaona zitsa ndi maenje a ocheka matabwa. Sanaidule alendo oyenda ndi ndodo aja. Anaidula ana athu, otumidwa ndi njala ndi ogula a m'mizinda, ife tiri chete.

Mafumu, inu mudziwa kumene ichokera Ruo, Likhubula, Thuchila, Lichenya ndi Phalombe. Mukumbukira Napolo wa mu March 1991, amene anapha anthu mazana ku Phalombe, ndi namondwe Freddy wa mu March 2023, amene anakwirira midzi ndi miyala ndi matope. Mvula yotere mtengo suiletsa. Koma phiri lobvulidwa liponya madzi ache onse pamodzi, ndipo chirimwe mitsinje iphwa msanga. Madzi saiwala khwawa.

Mu July 2025 bungwe la UNESCO linalemba Mulanje m'buku la malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi, ndipo chifukwa chache chachikuru chinali miyambo ya makolo athu yomwe ija. Taonani, akutali alemekeza chimene ife tinachichita nacho manyazi. Koma pepala lolembedwa ku Paris silidzazima moto ku Lichenya.

5. CHIMENE NDIPEMPHA

Choyamba, chaka chiri chonse nyengo ya mwamvu mudzi uli wonse utumize anyamata ndi asungwana ache kukwera, pamodzi ndi mkulu wodziwa maina a malo ndi nkhani zache. Pakuti munthu sakonda chimene sanachione.

Chachiwiri, mlendo ali yense asakwere wopanda wotsogolera wa m'midzi yathu, kuti moyo wache usungike, ndi kuti mnyamata apeze ndalama pa mtengo woimirira koposa pa wogwa.

Chachitatu, mlandu wa wotentha phiri ndi wodula mbande za mkungudza zimene zabzalidwanso uyambe kumveka pabwalo la mfumu, monga kale, usanapite ku Boma.

Chachinai, Mlembi alembe mau a nkhalamba zathu za Dziwe ndi za Sapitwa zisanatisiye.

Bambo Wapampando, mpanda wa mantha unagwa, ndipo sitikhoza kuuimikanso. Timange wina, wa kudziwa ndi wa lamulo la eni dziko. Mutu umodzi susenza denga. Chifukwa chache ndaika mau awa m'manja mwanu, Mafumu, kuti muwaweruze. Pamene ndalakwa mundikonze, pakuti ndine mwana wanu.