MADZI ACOKE, ANTHU AKHALE
Mau olankhulidwa pa msonkhano wa anchito ku Kanyama

Azibambo ndi azimai a m'makomboni, tamverani! Lusaka anamangidwa pa mwala wa laimu, pamalo a cidikha. Madzi apansi ali pafupi, ndipo mvula ikacuruka asowa kopita. M'caka ca 1978 madzi anagwetsa nyumba zambiri muno m'Kanyama. M'caka ca 2010 mabanja a m'makomboni anagona m'matenti pa Independence Stadium. Zimbudzi zikasefukira, zonyansa zilowa m'zitsime. Ndiyo njira ya kolera, monga tinaona mu 2017 ndi 2024.

Ngalande ya Bombay, yomangidwa ndi ndalama za America, itaya madzi mu Ngwerere. Ifenso a ku Kanyama, Chawama ndi George tifuna ngalande zotere. Koma tikana kuti mankhwala a madzi akhale kupitikitsa anthu. Nyumba ikakhala panjira ya ngalande, mwini wace alipidwe, apatsidwenso poloti pafupi ndi nchito yace. Pangalande pakhale maulalo oolokerapo ana a sukulu, ndi mitengo ya mthunzi m'mbali mwace.

Mbali yathu nayi: tileke kutayamo zinyalala. Tiyeni kwa makhansala athu mvula ya November isanagwe!