Wantchito Ndi Munthu, Si Nambala

Lero tikambirana za mawu amene antchito amalandira kuchokera kwa owalemba ntchito, ndiponso za makompyuta amene ayamba kulemba mawuwo.

Bwana akafuna kuchotsa munthu ntchito, chilungamo n'chakuti amuitane, akhale naye pansi ndi kumuuza chifukwa chake. Koma masiku ano ambiri amangolandira kalata. Kalatayo sinena kuti "takuchotsani ntchito" ayi. Imakamba za restructuring kapena rightsizing, kenaka n'kuthokoza chifukwa cha ntchito yanu yabwino. Mawu otere ndi ozuna, koma amabisa dzina la munthu amene wagamula nkhaniyo. Wantchito amatsala wosadziwa woti amufunse, ndipo amayamba kudziona ngati mlendo pamalo pamene wakhetserapo thukuta zaka zambiri.

Kuyambira mu Novembala 2022, pamene ChatGPT inatulutsidwa, kalata yotere kompyuta imailemba m'kanthawi kochepa. Nzeru za makinazi zimatchedwa AI. Makampani ena amazigwiritsanso ntchito posankha makalata ofunsira ntchito, munthu asanawawerenge n'komwe. Mu 2018 zinadziwika kuti kampani ya Amazon inasiya njira yotere chifukwa inkakondera amuna. Kompyutayo inaphunzitsidwa ndi makalata a zaka 10, ndipo ambiri mwa iwo anali a amuna. Choncho tsankho la anthu linalowa m'makina.

Mpingo sunakhale chete pa nkhani ya antchito. Mu 1891 Papa Leo XIII analemba Rerum Novarum poteteza ogwira ntchito m'mafakitale. Mu 1981 Papa John Paul II, m'kalata ya Laborem Exercens, anaphunzitsa kuti munthu wogwira ntchito ndi wofunika kuposa chuma ndi makina. Mu 2025 Papa Leo XIV anafotokoza kuti anasankha dzinali poganizira Leo XIII, popeza AI yabweretsa mavuto atsopano pa ulemu wa munthu, chilungamo ndi ntchito.

Nanga ife tichitepo chiyani?

1. Tikalandira kalata yosamveka, tisasaine msanga. Tipemphe kuti atifotokozere m'chilankhulo chathu, ndipo tifunse dzina la amene wagamula.

2. Tidziwe malamulo. Lamulo la za ntchito la mu 2000 m'dziko la Malawi limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka chochotsera munthu ntchito, ndipo woimbidwa mlandu apatsidwe mwayi wodziteteza. Wosakhutira angathe kukadandaula ku ofesi ya leba kapena ku khoti la nkhani za ntchito.

3. Tilowe m'mabungwe a antchito, pakuti mutu umodzi susenza denga.

4. Ife amene tili ndi antchito, ngakhale wa m'nyumba kapena mlonda, tisabisale kumbuyo kwa kompyuta. Kalata imene tasaina ndi yathu, ndipo tidzayankha ndife.

Funso lokambirana m'miphakati: Kodi pakati pathu alipo amene anachotsedwa ntchito osauzidwa chifukwa? Tingamuthandize bwanji?