GALU AKAYAMBA KUTSOKOMOLA: ZA MATENDA A M'MAPAPO NDI MANKHWALA A ZITSAMBA

Mau amene adalankhulidwa pa tsiku la chikondwerero cha amayi ku Mitundu

 

Mwina ena adabwa pomva kuti nkhani yathu ndi ya galu. Koma tiyeni tifunsane: ndani amene amaponyera galu mkute m'mawa? Ndani amasesa pamene wagona? Nanga akaluma mwana, amabereka mwanayo kupita naye ku chipatala ndani? Ndife amayi. Galu amalondera khola la mbuzi, nkhokwe ndi fodya wa m'chigafa ife tili m'tulo, ndipo masana amasewera ndi adzukulu athu pa bwalo. Tsono umoyo wake ndi wathu zidalukana ngati nsungwi za dengu.

Chifuwa cha galu sichili chimodzi

Choyamba tidziwe kuti kutsokomola ndi chizindikiro chabe, ndipo matenda ake ndi osiyanasiyana.

Pali chifuwa chouma chimene agalu amapatsirana akamayenda m'magulu. Galu amatsokomola ngati watsamwa, koma amadya ndi kuyenda bwinobwino. Kawirikawiri chimabwera ndi kachilombo kotchedwa Bordetella, kamene ndi kachibale ka kachilombo koyambitsa chifuwa chokoka mtima mwa ana athu. Chifuwa chimenechi chimatha pa masabata awiri kapena atatu ngati galuyo ali wamphamvu.

Pali nthenda ina yoopsa imene madokotala a ziweto amaitcha distemper. Imeneyi ndi mbale wake wa chikuku, ndipo imakonda tiana ta agalu. Galu amatentha thupi, m'maso mumadzaza manthongo, m'mphuno mumatuluka mamina olimba, amatsokomola, amasanza ndi kutsegula m'mimba. Pambuyo pake ena amayamba kunjenjemera ndi kugwa ngati akhunyu. Nthendayi sigwira munthu, koma imatha kumaliza agalu a mudzi wonse. M'chaka cha 1994 idalowa m'nkhalango ya Serengeti ku Tanzania ndi kupha mikango pafupifupi 1,000. Ngati idagwetsa mkango, nanga kagalu ka miyezi itatu kangalimbe bwanji?

Palinso chibayo, pamene tizilombo tafika m'mapapo mwenimweni. Galu wabwino akagona amapuma ka 15 kufikira ka 30 pa mphindi imodzi. Wachibayo amapuma mothamanga, nthiti zikukoka, amakana chakudya, ndipo nthawi zina amasolola khosi pofuna mpweya. Tiagalu tambiri timadwala chibayo chifukwa cha njoka za m'mimba, pakuti ana a njokazo amadutsa m'mapapo asanakakhazikike m'matumbo. Kugona pa chinyontho nthawi ya dzinja, chisanu cha mu Juni ndi Julayi, njala, ndi utsi wa m'khitchini, zonsezi zimafooketsa mapapo a galu monga zichitira ndi a mwana.

Zinthu ziwiri zimene zingaphe munthu

Apa ndipemphe kuti mutchere khutu, chifukwa ndi pamene pagona moyo wa anthu.

Chinthu choyamba ndi chiwewe. Galu wachiwewe sathamanga ndi kuluma nthawi zonse ai. Wina amangofooka, chibwano chimagwa, dovu lili chuchuchu, ndipo amachita ngati fupa lamuima pa khosi. Mayi wachifundo kapena mnyamata amapisa dzanja m'kamwa kuti achotse fupalo, osadziwa kuti kachilombo kali m'malovu ndipo kangalowe pa kachilonda kakang'ono ka pa chala. Chonde, galu amene akuoneka ngati watsamwa musamupise dzanja m'kamwa. Mtsekereni pa yekha, ana atalikire, ndipo itanani alangizi a ziweto. Munthu akalumidwa, tsukani balalo ndi madzi ambiri ndi sopo kwa mphindi 15, ndipo pitani ku chipatala tsiku lomwelo, kaya ku Mitundu kuno, kaya ku Nathenje. Katemera amapulumutsa akaperekedwa msanga, koma zizindikiro zikayamba kuoneka palibe mankhwala, a chizungu kapena a chikuda, amene angabweze munthu.

Chinthu chachiwiri ndi chifuwa chachikulu. Kachilombo kake adakatulukira Robert Koch ku Germany m'chaka cha 1882. Si kawirikawiri, koma galu angathe kutenga nthendayi kwa mbuye wake, makamaka akamanyambita makhololo olavulidwa pansi. Angatengenso ya ng'ombe akadya mapapo aawisi a ng'ombe yodwala kapena kumwa mkaka wosawiritsa. Motero galu akamaonda ndi kutsokomola kwa miyezi, yang'ananinso m'nyumba: kodi palibe bambo, agogo kapena mwana amene wakhala akutsokomola koposa masabata awiri, akutuluka thukuta usiku ndi kuonda? Ameneyo akayezetse makhololo. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo amamwedwa miyezi 6 osadukiza.

Kodi zitsamba zili ndi mphamvu?

Tsopano ndifike pa funso limene ambiri mumafunsa. Pa khomo pali nimu, pali chammwamba, ku dambo kuli mvunguti, ku Dzalanyama kuli muwawani ndi mlombwa. Kodi sitingachize nazo galu, kusiyana ndi kutaya ndalama?

Sindidzanyoza nzeru za makolo athu, pakuti mankhwala ena otchuka a m'chipatala adachokera ku mitengo. Kwinini adamuyenga kuchokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo adachita zimenezi ndi akatswiri awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, m'chaka cha 1820. Mankhwala a malungo a LA, amene adayamba kuperekedwa m'dziko muno m'chaka cha 2007, gwero lake ndi chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua. Amene adatulukira mphamvu yake m'chaka cha 1972 ndi mayi mnzathu, Tu Youyou, ndipo adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2015. Ngakhale penisilini adachokera ku chuku, chonga chimene chimamera pa buledi wogonera, chimene Alexander Fleming adachiona ku London m'chaka cha 1928.

Zomera za kwathu kuno nazonso zidalembedwa. Mayi Jessie Williamson adasindikiza buku la zomera zothandiza za dziko lino m'chaka cha 1955, ndipo lidatulukanso lowonjezedwa mu 1975. Brian Morris adalemba buku la mankhwala a zitsamba a Achewa limene lidatuluka mu 1996. Ku Zomba kuli nyumba ya boma yosungira zitsanzo za zomera za m'dziko muno.

Nanga akatswiri amadziwa bwanji kuti chitsamba chimapha tizilombo? Amaumitsa masamba kapena khungwa, amasinja, amaviika kuti mphamvu yake isungunuke, ndipo amasefa. Kenaka amadzala mabakiteriya m'kambale ka galasi, nkuikamo kapepala konyowetsedwa ndi madzi a chitsambacho. M'mawa mwake akapeza kuti mozungulira kapepalako muli mbee, tizilombo sitidamere, amadziwa kuti muli kanthu. Mwa njira imeneyi zidapezeka kuti nimu, khungwa la mvunguti ndi adyo zili ndi mphamvu yoletsa mabakiteriya ena. Mphamvu ya mu adyo, yotchedwa allicin, adaipatula Chester Cavallito ku America m'chaka cha 1944.

Kambale si mapapo

Koma amayi anzanga, apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezekera. Chimene chapha kachilombo m'kambale sichinachize nyama. Mankhwala akamwedwa ayenera kupulumuka m'mimba, kulowa m'magazi, kudutsa m'chiwindi, ndi kukafika m'mapapo akadali ndi mphamvu yokwanira, koma osaononga impso. Zitsamba zambiri zimalephera pa ulendo umenewu. Ndiponso mphamvu ya mtengo imasiyana: tsamba la m'dzinja ndi la m'chilimwe, mtengo wa ku dambo ndi wa ku mtunda, sizifanana. Mukathyola dzanja limodzi la masamba simudziwa ngati mwachepetsa kapena mwapyoza muyeso.

Ndikuuzeni nkhani ya mnyamata wa ku England dzina lake Charles Stevens. M'chaka cha 1897 adapita kum'mwera kwa Africa atauzidwa kuti ali ndi chifuwa chachikulu, ndipo sing'anga wa Chisutu adampatsa madzi a mizu ina. Iye adapeza bwino, nabwerera kwao kukagulitsa mizuyo monga mankhwala ochiza chifuwa chachikulu, dzina lake Umckaloabo. Madokotala a ku Britain adamutsutsa kolimba. Patapita zaka zoposa 70 akatswiri a ku Germany adazindikira kuti mizuyo ndi ya chomera cha mtundu wa Pelargonium. Lero chimagulitsidwa ku Ulaya pothandiza chifuwa wamba, koma palibe dokotala amene amachiza nacho chifuwa chachikulu. Mwaona tsono: sing'anga uja sadaname kuti muzuwo ndi mankhwala, koma wamalonda adaukuza kuposa msinkhu wake.

Chinanso ndi ichi: thupi la galu silili ngati lathu. Adyo ndi anyezi, zimene ife timakometsera ndiwo, zimaphwanya magazi a galu zikachuluka, ndipo amayera nkhama ndi kufooka. Mafuta a bulugamu, amene ife timafukiza tikamva chimfine, ndi poizoni kwa galu akawamwa. Njere za nsatsi zimapha. Ndiye chimene chidathandiza agogo musachitsanulire m'kamwa mwa galu. Kumumwetsa mokakamiza pamene akupuma movutika kumalowetsa madziwo m'mapapo, ndipo chibayo chimakula.

Makapisozi a pa msika

Ena amati, zitsamba ai, ine ndimagula makapisozi awiri pa tsiku la msika ndi kumufwatikira mu nsima. Kumeneku ndi kulakwa kwina. Panado ndi Brufen zimaononga chiwindi, m'mimba ndi impso za galu, ndipo mphaka amafa ndi Panado mmodzi yekha. Mankhwala opha mabakiteriya, monga amokisilini, sagwira mavairasi, kotero saphanso kachilombo ka distemper. Dokotala amawapereka pofuna kuthana ndi chibayo chimene chabwera pamwamba pake, ndipo amayamba wayeza kulemera kwa galuyo ndi kuwerenga masiku ake.

Mukapereka kapisozi mmodzi lero, wina mkucha, mumapha tizilombo tofooka ndi kusiya tolimba, ndipo timaswana. Timeneti timatuluka m'chimbudzi cha galu pa bwalo pomwe mwana akukwawa. Tsiku lina mwanayo akadzadwala chibayo, mankhwala omwe aja adzakana kugwira ntchito. Akatswiri adawerengera kuti m'chaka cha 2019 chokha anthu oposa 1,200,000 pa dziko lonse adafa ndi tizilombo tosamva mankhwala, ndipo chigawo chathu chino cha Africa ndicho chidakhudzidwa koposa. Nchifukwa chake ofufuza akubwerera ku mitengo kukafuna mankhwala atsopano, ndipo nchifukwa chakenso kutha kwa nkhalango ya Dzalanyama ndi makala kuyenera kutidandaulitsa. Mtengo umene tauotcha lero mwina ndiwo ukadachiza mdzukulu. Osema mankhwala asamakungunule khungwa kuzungulira thunthu lonse, pakuti mtengo wotero umauma.

Zoyenera kuchita tikabwerera ku nyumba

Choyamba, katemera. Wa chiwewe galu alandire akakwana miyezi itatu, ndi kubwereza chaka ndi chaka pamene alangizi alengeza. Wa distemper amayambira pa masabata 6 kufikira 8 ndipo amabwerezedwa. Funsaninso mankhwala a njoka za m'mimba.

Chachiwiri, pogona ndi chakudya. Chiguduli chouma pa khonde losaomba mphepo chikwanira. Gaga yekha sapatsa mphamvu. Muziphikako phala lake ndi kuthiramo fumbi la usipa kapena bonya, ndipo madzi akumwa akhale oyera.

Chachitatu, galu wodwala mpatuleni kwa anzake ndi kwa ana, mpukuteni m'maso ndi m'mphuno ndi kansalu konyowa, ndipo inu sambani m'manja ndi sopo. Akasiya kudya masiku awiri kapena akamapuma mothamanga, musadikire.

Chachinayi, funsani. Akulu adati safunsa adadya phula. Ife a kuno tili ndi mwayi umene ena alibe. Alangizi a ziweto tili nao ku ofesi za ulimi. Sukulu ya Bunda, imene tsopano ili pansi pa LUANAR, ili pafupi pompa, ndipo madokotala a ziweto oyamba kuphunzitsidwa m'dziko muno adatsiriza kumeneko m'chaka cha 2019. Mu mzinda wa Lilongwe muli bungwe la LSPCA, limene lidayamba mu 2008 ndipo lili ndi chipatala cha ziweto. Ngati pali chitsamba chimene mudachiona chikuthandiza, kawauzeni ophunzirawo dzina lake ndi kakonzedwe kake, kuti akachiyese bwino ndipo nzeruyo isapite ku manda pamodzi ndi eni ake.

Pomaliza ndipemphe atsogoleri a m'madera kuti mau awa mukawafotokozere amayi amene sadathe kufika, ndiponso abambo ndi anyamata, popeza ndiwo amatenga agalu kupita nao ku katemera. Tsiku la katemera likadzalengezedwa, tidzakumbutsane khomo ndi khomo, pasadzatsale galu ndi mmodzi yemwe.