Mbaula Ikakana Kutenthetsa Nyumba m'Nyengo Yozizira

Ndikudziŵa kuti ambiri mwadzuka kusanache ndipo mwayenda m'mame ana ali kumsana. Anamwino asanayambe kuyeza ana, ndipempheko nthaŵi pang'ono kuti tikambirane za chinthu chimene chili pakhomo pa ambiri a ife, ndicho mbaula.

Kuno kwathu chisanu chimayamba mu Meyi, chimakula mu Juni ndi Julayi, ndipo chimatha mu Ogasiti. M'madera okwera monga Dedza, Ntcheu ndi Mzimba, ndiponso ku Thyolo ndi Mulanje kumene kumagwa chiperoni, usiku umazizira kwambiri. Tsono m'miyezi imeneyi dandaulo limene timalimva kaŵirikaŵiri ndi lakuti, "Mbaula yangayi sikutentha, ikungozirala." Lero tiona chimene chimachititsa zimenezi, mmene tingakonzere, ndi chinthu chimodzi chimene sitiyenera kuchita ngakhale kutazizira chotani.

Chaka china mu Julayi ndinaitanidwa m'maŵa kunyumba ina m'mudzi umene ndinkayendera. Mayi wa pamenepo ataona kuti mbaula sikutenthetsa, anaganiza kuti chikulakwitsa ndi mphepo yoloŵa m'nyumba. Anatseka zenera, natseka mpata wa pansi pa chitseko ndi nsanza, naika mbaula pafupi ndi pogona kuti mwana wake wa miyezi 8 amve kutentha. M'bandakucha mnansi wake anabwera kudzapala moto. Atagogoda osayankhidwa, anakankha chitseko, napeza mayi uja akulephera kuimirira, akusanza, ndipo mwana ali lefuu, osalira. Anathamangira nawo kuchipatala ndipo onse aŵiri anachira. Ine nditaiyang'ana mbaula ija ndinapeza timabowo take titatsekeka ndi phulusa, ndipo makala a m'thumba anali onyoŵa. Mayi uja sanali wosasamala ayi. Anali kufunira mwana wake zabwino, koma anakonza polakwika.

Moto umafuna mpweya

Kuti moto uyake bwino umafuna zinthu ziŵiri: makala kapena nkhuni zouma, ndi mpweya wokwanira. Pambaula ya makala mpweya umaloŵera pakachitseko ka m'munsi, umakwera kudzera m'timabowo timene makala amakhalapo, ndipo umatulukira pamwamba. Njira imeneyi ikatsekeka paliponse, moto umazirala. Kotero mbaula ikakana kutentha, yang'anani zinthu zisanu izi, chimodzi ndi chimodzi.

Choyamba, phulusa. Phulusa la dzulo limatseka timabowo ndi kudzaza chipinda cha m'munsi. M'maŵa uliwonse, mbaula itazizira, khuthulani phulusa lonse ndi kutokosa timabowo ndi kamtengo mpaka muone kuŵala kukudutsamo. Mbaula zambiri zimene eni ake amati zatha zimayakanso bwino akachita zimenezi zokha.

Chachiŵiri, makala onyoŵa. Thumba la makala likakhala pansi kapena panja m'masiku a chiperoni, makala amamwa chinyezi. Mukawakoleza amafuka nthunzi, amachedwa kugwira, ndipo mphamvu ya moto imathera kuumitsa madziwo. Makala abwino ndi opepuka, mukawagundanitsa amalira ngati tizitsulo, ndipo mukathyola limodzi m'kati mumakhala mwakuda bii. Amene m'kati mwake mukuonekabe mtundu wa mtengo sanapse bwino, ndipo amafuka utsi wambiri. Ikani thumba pamatabwa kapena pamiyala, pamalo osadontha, ndipo yanikani padzuŵa makala amene mudzasonkhe madzulo.

Chachitatu, kasanjidwe ka makala. Mukathira nyenyeswa ndi fumbi la pansi pa thumba, mpweya umasoŵa podutsa. Yambani ndi makala okulirapo, musiye timipata pakati pake, ndipo musadzaze mpaka kusefukira. Pokoleza gwiritsani ntchito udzu wouma, timitengo kapena zitsononkho. Musakolezere majumbo, pakuti utsi wake ndi woipa m'chifuŵa, ndipo musathire parafini pamakala amene ayamba kale kuyaka chifukwa moto umalilima ndi kuwotcha nkhope.

Chachinayi, kachitseko. Pokoleza katseguleni konse ndi kukalozetsa kumene mphepo ikuchokera. Makala akagwira bwino mukhoza kukabweza pang'ono kuti asathe msanga, koma mukakatseka konse moto umafooka.

Chachisanu, kutha kwa mbaula. Dongo la m'kati likang'aluka, kutentha kumathaŵira m'mbali, ndipo pansi pakabooka makala amagwera m'munsi. Musazimitse moto pothira madzi pambaula yotentha, popeza ndi zimene zimang'alula dongo ndi kudyetsa chitsulo dzimbiri. Mbaula yotere pitani nayo kwa mmisiri wokhoma zidebe, kapena pezani ina.

Inu amene mumaphikira pa chitetezo mbaula, lamulo lake ndi lomweli. Nkhuni zikhale zouma ndi zowaza bwino, muikemo ziŵiri kapena zitatu basi, ndipo pakhomo pake pasadzaze kuti mpweya uziloŵa. Nkhuni zaziŵisi zimapereka utsi wambiri ndi moto wochepa.

Chimene sitiyenera kuchita

Tsono mwina mwakonza zonsezi, mbaula ikuyaka bwino, koma m'chipinda mukuzizirabe. Chifukwa chake ndi chakuti mbaula inapangidwira kuphika, ndipo kutentha kwake kumakwera m'mwamba kumene kumakhala poto. M'nyumba ya malata yopanda siling'i kutenthako kumatulukira kudenga msanga. Apa ndi pamene ambiri amatseka mazenera ndi kugona ndi mbaula, ndipo apa ndi pamene pali imfa.

Makala akamayaka amatulutsa mpweya wapoizoni umene madokotala amautcha carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka, sununkha, ndiponso sutsokomoletsa. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Munthu akaupuma, magazi ake amaugwira mwamphamvu kuŵirikiza nthaŵi zoposa 200 kuposa mmene amagwirira okosijeni, umene ndi mpweya wotipatsa moyo. Motero ubongo ndi mtima zimasoŵa mpweya wabwino, ndipo munthu wogona amangopitirira tulo osadzukanso. Moto wosoŵa mpweya, wonga wa mbaula yotsekeka ija, ndiwo umatulutsa poizoni wochuluka. Koma mumvetse bwino apa, amayi. Ena amati, "Ndimayamba ndadikira utsi uthe, makala afiire psuu, ndiye ndimaloŵetsa." Makala ofiira opanda utsi amatulutsabe mpweya umenewu mpaka atazimiratu. Ana aang'ono amavulala msanga kuposa akulu chifukwa amapuma mofulumira, ndipo kwa mayi woyembekezera poizoniyu amafika mpaka kwa mwana wa m'mimba.

Chifukwa chake otherani moto kukhitchini kapena pakhonde, pamalo popita mphepo. Nthaŵi yogona ikakwana, mbaula ikhale panja. Musagone nayo m'chipinda ngakhale zenera litakhala lotsegula.

Zizindikiro za mpweya woipawu ndi mutu, chizungulire, mseru, kusanza, kufooka ndi kusokonezeka maganizo. Khanda limangogona, limalefuka, ndipo limakana bere. Anthu ambiri amayesa malungo. Koma ngati anthu angapo a m'nyumba imodzi adwala mutu nthaŵi imodzi, thupi losatentha, ndipo akupezako bwino akatuluka panja, ganizirani za mbaula. Tsegulani zitseko ndi mazenera, tulutsani anthu onse, mutulutsenso mbaula. Munthu wokomoka mumgoneke cham'mbali ndipo musammwetse kanthu. Pitani kuchipatala msanga ngakhale odwalawo aoneke ngati atsitsimuka, ndipo mukanene kuti m'nyumba munali makala, kuti akawapatse okosijeni mosachedwa.

Nanga mwana timfunditse motani?

Funso limeneli ndi loyenera, pakuti chisanu chimavulazadi makanda, makamaka obadwa masiku asanakwane ndi obadwa ochepa thupi. Mwana amatenthedwa bwino ndi zovala zouma ndi thupi la mayi wake. Mvekeni chipeŵa ndi masokosi, chifukwa khanda limataya kutentha kwambiri kumutu. Zovala zopyapyala ziŵiri kapena zitatu zimafunditsa kuposa chimodzi chokhuthala. Theŵera likanyoŵa lisintheni msanga, ngakhale pakati pa usiku. Khanda laling'ono liikeni pachifuŵa panu, khungu kukhudzana ndi khungu, mulimange ndi chitenje monga amaphunzitsira anamwino pa njira ya kangaru, ndipo muziliyamwitsa pafupipafupi. Musalifunditse kumaso. Msambitseni mwana masana dzuŵa litakwera, ndi madzi ofunda, ndi kumpukuta msanga. Ngati mumagona pansi, yalani masaka kapena makatoni pansi pa mphasa kuti chisanu cha pansi chisakwere. Masana tsegulani mazenera kuti dzuŵa liloŵe. Pamene m'chipinda mulibe moto, mukhoza kutseka mipata yonse ya mphepo popanda mantha.

Kuti mudziŵe ngati mwana akuzizidwa, gwirani mapazi ake ndi pamimba ndi kuseri kwa dzanja lanu. Mapazi okha akazizira, muikeni pachifuŵa panu ndi kumfunditsa. Koma ngati pamimba pomwe pazizira ndipo akulephera kuyamwa, pitani naye kuchipatala ali pachifuŵa panu chomwecho.

Utsi, chibayo ndi zilonda za moto

Ambiri timati chibayo chimabwera ndi chisanu. Chibayo chimayamba ndi tizilombo, ndipo utsi wa m'nyumba umafooketsa mapapo a mwana kotero kuti tizilomboto timaloŵa mosavuta. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti pafupifupi theka la ana osakwana zaka 5 amene amafa ndi matenda a m'mapapo onga chibayo amafa chifukwa cha utsi wa m'nyumba. Choncho pophika, mwana asakhale kumsana pamalo pofuka utsi.

Mwana akamatsokomola, ŵerengani kapumidwe kake kwa mphindi imodzi yathunthu, iye ali phee, mukuyang'ana wotchi kapena foni. Khanda losakwana miyezi 2 likapuma ka 60 kapena kupitirira, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kupitirira, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akapuma ka 40 kapena kupitirira, ndiye kuti akupuma mofulumira, ndipo afunika kuonedwa tsiku lomwelo. Mukaona m'munsi mwa chifuŵa mukuloŵa m'kati pamene akukoka mpweya, musadikire kuti kuche. Katemera wa chibayo anayamba kuperekedwa m'Malaŵi mu 2011. Lero lomwe, pemphani anamwino aone m'buku la mwana wanu ngati walandira onse.

Kumbukiraninso kuti mwana wokwaŵa amakopeka ndi makala ofiira. Mbaula ikhale pamalo osapendekeka, kutali ndi mphasa, nsalu ndi masikito, ndipo mwana asatsale yekha pamoto kapena ndi mnzake wamng'ono. Munthu wodwala khunyu asaothe moto ali yekha. Mwana akapsa, thirani madzi oyera ozizira pamalo opsawo kwa mphindi 20, thupi lonse mutalifunditsa, kenaka phimbani ndi nsalu yoyera ndi kupita kuchipatala. Musapakepo mazira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano.

Amayi, mukafika kunyumba lero, tengani mbaula yanu, khuthulani phulusa, tokosani timabowo, ndipo yanikani makala dzuŵa lisanaloŵe. Madzulo muothe moto pakhonde, ndipo pogona mbaula muisiye panja. Mukauzenso abambo kunyumba, agogo ndi anansi anu amene sanabwere, makamaka ana asukulu amene amagona okha m'gowelo kapena m'kachipinda ka kuseri. Ngati alipo wina amene ali ndi funso, afunse tsopano tisanayambe kuyeza ana.